Mmene kampani yathu inatiphunzitsira Rust

Anzanga kumudziko, makamaka inu amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, mwakhala mukundifunsa kuti maphunziro a pantchito kuno kunja amayenda bwanji. Ndati ndikufotokozereni za maphunziro amene gulu lathu lonse linachita, kampani itagamula kuti mbali ina ya mapulogalamu athu, yomwe inalembedwa m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa C++, ilembedwenso m'chilankhulo china chotchedwa Rust.

Sikuti mabwana anangotengeka ndi zatsopano ayi. Mu C ndi C++, wolemba pulogalamu amasamalira yekha memory, malo amene pulogalamu imasungamo zinthu ikamayenda: amapempha malo, n'kuwagwiritsa ntchito, kenako n'kuwabweza. Akagwiritsa ntchito malo amene wabweza kale, pulogalamu imagwa, apo ayi imasiya mpata woti akuba a pa intaneti alowerepo. Mu 2019 a Microsoft ananena kuti pafupifupi 70 peresenti ya mabowo a chitetezo amene amakonza m'mapulogalamu awo amachokera ku mavuto a memory, ndipo a Google anapezanso chimodzimodzi mu Chrome. Rust, imene inakulira ku Mozilla n'kutuluka yokhazikika mu 2015, inapangidwa kuti zolakwika zoterezi zizigwidwa pulogalamu isanayambe n'komwe kuyenda. Pofika kumapeto kwa 2022, ngakhale Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makompyuta, inali itatsegula khomo kuti anthu azilembamo ndi Rust.

Kampani inalemba ganyu mphunzitsi wochokera kwina, ndipo bwana wathu anachotsa misonkhano yonse pa masiku a maphunzirowo. Panalibe woyankha imelo, panalibe woitanidwa kuti akakonze zina. Poyamba ndinaona ngati n'zazing'ono, koma ndi zimene zinachititsa kuti mitu yathu ikhale pa phunziro.

Zoyambirira zinadutsa mofulumira: kuika Rust pa laputopu, kuyambitsa pulojekiti ndi Cargo (chida choyendetsera mapulojekiti a Rust), mitundu ya manambala ndi mawu. Aliyense amene analembapo pulogalamu amazitola mosavuta. Phokoso linayamba titafika pa umwini. Lamulo lake n'lalifupi: chinthu chilichonse mu pulogalamu chimakhala ndi mwini mmodzi, ndipo mwiniyo akachoka, chinthucho chimafufutidwa chokha. Ena akhoza kubwereka. Zili ngati pepala limodzi patebulo: anthu ambiri akhoza kuliwerenga nthawi imodzi, koma wina akafuna kulembapo, alitenge yekha, enawo adikire kaye. Amene amaonetsetsa kuti lamuloli latsatidwa ndi borrow checker, mbali ya compiler (pulogalamu yosandutsa zimene walemba kukhala zimene kompyuta imamva), ndipo sanyengerera munthu.

Pafupi nane panakhala bambo wina wa imvi, amene anayamba kulemba C++ ine ndili mwana. Kuofesi, mawu ake ndi amene amatseka mkangano. Analemba mizere yochepa yopereka mndandanda wa mayina ku function ina (kachigawo ka pulogalamu kochita ntchito inayake), kenako n'kufuna kuusindikiza mndandandawo. Compiler inakana, n'kulemba zofiira nambala ya cholakwika: E0382. Anasintha, inakananso. Anavula magalasi, n'kuyang'anitsitsa sikirini, kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati ndikuona pamene palakwika. Ndinamulozera mzere umene mndandandawo unasamukira kwa mwini wina. Anagwedeza mutu n'kuseka, akuti kwa zaka zonsezi wakhala akusunga malamulo amenewa m'mutu, lero makina ndi amene akumukumbutsa.

Izi zinandimasula kwambiri. Munthu wobwera, amene chilolezo chako chokhalira m'dziko chimadalira ntchito, umaopa kufunsa funso pagulu. Umaganiza kuti anena kuti analemba munthu wolakwika. Koma m'chipinda chimenecho tonse tinali ana a sukulu, ndipo akuluakulu ndi amene ankafunsa kwambiri. Kuyambira pamenepo ndinayamba kukweza dzanja, ndipo mpaka pano sindinasiye.

Mphunzitsiyo anatichenjeza za njira ziwiri zachidule zimene ongoyamba amathawirako. Yoyamba ndi kumwaza clone, lamulo lokopera chinthu, paliponse pamene compiler yadandaula. Pulogalamu imayenda, koma ukukopera zinthu popanda chifukwa ndipo sunamvetse kalikonse. Yachiwiri ndi unwrap. Mu Rust mulibe null, chizindikiro choti palibe kanthu chimene zilankhulo zina zili nacho. Chinthu chimene chingakhalepo kapena ayi chimabwera mu Option, ndipo chimene chingalephereke chimabwera mu Result, kuti uganiziretu zochita zikavuta. Ukangolemba unwrap, yomwe imangotulutsa zam'katimo, ndiye kuti walumbira kuti sizidzavuta, ndipo tsiku limene zidzavute pulogalamu idzaima pomwepo. Tonse tinagwedeza mitu kuvomereza, koma atayendera malaputopu athu madzulo ake anapeza unwrap ali mbwee.

Si zonse zimene zinandigwira mtima. Gawo la async, njira yoti pulogalamu izichita zina pamene ikudikira china, analithamangitsa kumapeto anthu atatopa, ndipo ambiri tinatuluka tisanalimvetse. Komanso, kunena zoona, zambiri zimene zinali pa masilaidi zimapezeka mwaulere. Buku lophunzitsira la eni ake a Rust lili pa intaneti, tizochita ta Rustlings tiliponso, ndipo gulu la Android ku Google linatulutsa maphunziro awo otchedwa Comprehensive Rust kuti aliyense agwiritse ntchito. Ndiye kampani inalipira chiyani? Mmene ndikuonera ine, inagula nthawi yathu, ndiponso maola amene mphunzitsi anatsegula kodi (code, mizere ya pulogalamu) yathu yeniyeni pa sikirini yaikulu, ife tonse n'kumakangana kuti kachigawo kameneka tingakalembe bwanji mu Rust. Pamenepo m'pamene ndinaphunzira kwambiri, chifukwa vuto linali lathu, ndipo aliyense ankadziwa pamene pulogalamuyo imavutira usiku.

Titabwerera ku ntchito, liwiro lathu linatsika kwa milungu ingapo. Bwana anali atauziratu akuluakulu ake kuti zidzatero, choncho panalibe wotikalipira. Sitinayambe ndi pulogalamu yaikulu. Tinasankha kachida kakang'ono kowerenga mafayilo a log (mmene pulogalamu imalembamo zimene yachita), koti kakafa makasitomala sangamve. Tinkakhala awiriawiri pa kompyuta imodzi, wina akulemba wina akuyang'ana, ndipo kodi iliyonse inkayenera kudutsa pa Clippy ndi cargo test, zida zofufuza zolakwika, mnzako asanaiwerenge. Anzathu a gulu lina anachita maphunziro omwewo koma anabwerera ku C++ tsiku lotsatira. Nditacheza nawo patapita miyezi, ambiri anali ataiwala.

Kwa inu amene mukufuna kuyamba, pezani anzanu awiri kapena atatu oti muziwerengerana kodi, ngakhale pa GitHub, webusaiti yogawirana kodi, ndipo musankhe kapulogalamu kamene mukukafunadi. Laputopu yakale imatha, kungoti compiler ya Rust imachedwa, ndiye muzidekha. Uthenga wofiira ukabwera muuwerenge wonse, chifukwa nthawi zambiri umaloza mzere wolakwika n'kupereka maganizo a kakonzedwe, ndipo mukalemba rustc --explain ndi nambala ya cholakwikacho imakufotokozerani bwinobwino. Mukaika Rust kudzera pa chida chake choikira chotchedwa rustup, buku lija limabwera limodzi. Lembani rustup doc --book ndipo litseguka pa kompyuta yanu ngakhale mulibe intaneti.