Buloko ndi yabwino, koma wogulitsa anatsala pang'ono kundiphera ng'ombe

Ndinagula mabuloko awiri a molasesi (zotsala popanga shuga) ndi yuriya, chakudya choonjezera cha ng'ombe, pa shopu ina ya zaulimi pa Kamuzu Road ku Salima, pamtengo wokwera uja mukuudziwa. Unali mwezi wa Okutobala, msipu utauma, ng'ombe zanga zikungodalira mapesi a mpunga ochokera ku Lifuwu.

Mnyamata wa pakauntala ndinamufunsa bwinobwino kaperekedwe kake. Maso ali pa foni, anangoti, "Bambo, muiphwanye n'kusakaniza ndi madeya, zidya msanga." Ndinachita zomwezo. Sipanathe ola, ng'ombe yanga yamkaka inayamba kunjenjemera, dovu lili chuchuchu, mimba itatupa kumanzere ngati ng'oma. Mayi akunyumba anagwira m'mutu, poti mkaka wake ndiwo umalipira fizi ya ana. Alangizi a ziweto anathamanga pa njinga yamoto, anaimwetsa viniga ndi madzi ozizira ambiri, ndipo tinakhala m'khola mpaka usiku kudikira kuti igeye. Itageya, ndi pamene nanenso ndinapuma.

Alangiziwo ndiwo anandiuza zimene wogulitsa amayenera kunena. Yuriya imadyetsa tizilombo ta m'chifu timene timagaya udzu, koma ikalowa yambiri nthawi imodzi imasanduka amoniya n'kupita m'magazi. N'chifukwa chake buloko amaiumba yolimba: ndi yonyambita basi. Osaisiya pamvula, osaipatsa ng'ombe yanjala, kapena kamwana ka ng'ombe kosayamba kubzikula.

Nditabwerera kukadandaula, mnyamata uja anati zonse zalembedwa pa pepala. M'Chingerezi, timalemba tosaoneka! Kupepesa ayi.

Buloko yachiwiri ndinafuna kuitaya, koma alangizi anandiletsa. Ndinaiika pamthunzi, ng'ombe zikunyambita pang'onopang'ono zitadya kale. Apa ndisaname, katunduyu amagwira ntchito. Mapesi amene zinkangonunkhiza tsopano zikumaliza, nthiti sizinaonekere chilimwe chonse, mkaka sunatsike ngati chaka chatha.

Zoti buloko imathetsa mpweya wa methane, monga ankakuwira pogulitsa, akokomeza. Mpweyawo ng'ombe imautulutsa pogeya chakudya chikamasasa m'chifu, ndipo zanga zikugeyabe. Alangizi anati phindu lake n'lakuti ng'ombe yogaya bwino imapereka mkaka wambiri pa mpweya umene yatulutsa. Zimenezo ndazimva.

Ndidzagulanso mvula ikatha, koma osati pa shopu imeneyo.