Kapulogalamu kochonga mayeso a History, ndakayesa teremu yonse

Ndimaphunzitsa History ku sekondale ndipo teremu yathayi ndakhala ndikuyesa kapulogalamu kena ka machine learning kamene amati kamachonga mayankho a ana n'kukuuza ngati mwana akuganizadi kapena wangoloweza madeti. Dzina lake sinditchula.

Kagwiridwe kake nkosavuta, umayamba wachonga wekha mulu wa mayankho, kenako umalowetsa mayankhowo pamodzi ndi malikisi ako, ndiye iko kamaphunzira kuti yankho looneka chonchi aphunzitsiwa amalipatsa zingati. Si zachilendo kwenikweni, katswiri wa zamaphunziro wa ku America Ellis Page anayamba kale mu ma 1960 kuyesa zoti kompyuta izichonga zimangirizo.

Ine ndinapatsa ana nkhani ziwiri za mu 1919, ina ya m'nyuzipepala ya ku Germany ina ya ku France, zonse zokamba za Pangano la Versailles makamaka Article 231 ija inasenzetsa Germany ndi anzake mlandu wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Funso linali loti tikhulupirire iti tikafuna kudziwa amene anayambitsa nkhondoyo. Chomwe ndimasaka ndi chija wofufuza zamaphunziro Sam Wineburg anaona mu 1991 atapatsa akatswiri a mbiri ndi ana a sukulu zolemba za nkhondo ya mu 1775 ya ku Lexington ku America, akatswiri ankathamangira kuona kaye kuti walemba ndani komanso liti pamene ana ankangowerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi ngati zonse ndi zoona.

Pa liwiro ndiye sindinama, mulu umene ndimathera nawo weekend yonse iko kanamaliza ndisanadzuke pampando, komanso ana amene sanatchule n'komwe wolemba kanawagwira onse osaphonya.

Koma apa ndi pamene kanandikhumudwitsa. Mnyamata wina analemba tsamba lathunthu kumangobwereza kuti wolembayu ali ndi mbali, wolembayu akukondera, osafotokoza kuti akukondera ndani ndipo chifukwa chani, iko kam'patsa malikisi apamwamba. Mtsikana wina analemba mizere inayi yokha, sipelingi yake yovuta ndithu, akuti nkhani zonse ziwiri zinalembedwa nkhondo itatha kale anthu akukangana zoti alipire ndani ndiye palibe imene ingatiuze za 1914 pamene nkhondoyo inayamba, bola tione matelegalamu amene mafumu Wilhelm II wa ku Germany ndi Nicholas II wa ku Russia ankatumizirana mu July chaka chimenecho. Aaa ine kuwerenga zimenezo ndinachita kuimirira, koma kapulogalamu kanamuika pansi penipeni chifukwa yankho lake silikufanana ndi lililonse mwa amene ndinakaphunzitsira. Les Perelman, amene ankaphunzitsa kalembedwe ku yunivesite ya MIT ku America, wakhala akudandaula zomwezi, kuti makina oterewa amakopeka ndi kutalika kwa nkhani ndi mawu akuluakulu. Mwinanso vuto lina ndi langa lomwe, mwina pochonga nditatopa ndimakomera mtima olemba zambiri ndiye iko kanangotengera khalidwe langalo.

Chinanso, kakapereka malikisi sikanena kuti kaona chani, mwana akabwera kudzafunsa chifukwa chomwe walepherera umangoti kakasi.

Teremu ikubwerayi ndikagwiritsabe ntchito koma pongosankhula amene sakufunsa za wolemba kuti ndiyambe nawo iwowo. Malikisi olowa pa lipoti ndizichonga ndekha, ndipo mayankho onse amene kawaika pansi ndiziwawerenga kawiri. Mtsikana uja ndinamukwezera malikisi ake tsiku lomwelo.