Amisiri a pa boma la Kasungu amene anakonza seva yanga ya nyimbo popanda kupeputsa mafayilo

Pa boma la Kasungu sipasowa malo oikitsira nyimbo mu foni kapena mu memori khadi, chifukwa anyamata obena nyimbo amapezeka m'makonde ambiri a m'mbali mwa msewu wa M1 ndi kuzungulira msika. Amene amasowa ndi mmisiri wodziwa kusamala nyimbo zosungidwa mwa mtundu wa FLAC, zija zimene fayilo yake imafinyidwa kuti ichepe koma mawu ake osatayikapo ngakhale pang'ono. Ndemanga iyi ndi ya shopu ina yaing'ono yokonza makompyuta, ya chakuseri kwa msika, kumene ndinapititsa seva yanga ya nyimbo itayamba kuvuta, ndipo ndikuilemba chifukwa kagwiridwe ka ntchito ka amisiri a pamenepo kanandikhutiritsa, ngakhale kuti pali zina zimene ndikufuna atazikonza.

Seva imene ndikunenayi ndi kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4, kolumikizidwa ku disiki yakunja kudzera pa USB ndiponso ku rauta ya m'nyumba, kotero kuti aliyense wa pabanja pathu amatha kuliza nyimbo pa foni, pa TV kapena pa ampulifaya ya pabalaza popanda kuwononga bandulo, popeza zonse zimayenda pa netiweki ya m'nyumba momwemo. Pa disikiyo pali nyimbo zimene zinakopedwa kuchokera ku ma CD amene ndakhala ndikusonkhanitsa kwa zaka zambiri, makamaka za makwaya a m'mipingo ya kuno ndi zojambulidwa pa maukwati a achibale. Ena mwa ma CD amenewo anakandika kalekale, ndipo n'chifukwa chake mafayilo ake ndimawaona ngati chuma. Mavuto anali amitundumitundu. Nyimbo zina zinkathetheka kenaka n'kuima pakati, ndipo nthawi zonse zinkaimira pamalo amodzimodzi. Zina zinkadodoma pena n'kupitiriza, makamaka munthu akamamvera ali kuchipinda chakumapeto. Zinanso zinkalira bwinobwino pa foni, koma TV inkazikana n'kulemba kuti mtundu wa fayiloyo siukuudziwa.

Anthu angapo amene ndinawafotokozera anandipatsa malangizo amodzimodzi, akuti ndisandutse zonse zikhale MP3, mtundu umene umachepetsa fayilo potaya mawu ena, ndipo mavuto atha. Amisiri a pa shopu ija atamva zimenezi anapukusa mutu, n'kunena kuti: "Abambo, tikatero ndiye kuti tabisa matenda, ndipo mawu amene MP3 yataya sabwereranso. Tiyeni tiyambe tadziwa ngati vuto lili m'fayilo, mu disiki, m'magetsi, pa netiweki kapena pa chipangizo cholizira." Mawu amenewa ndiwo anandichititsa kuwasiyira katundu wanga, ndipo ntchito yonse anaigwiradi motsatira ndondomeko imeneyo, kuyesa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi osasakaniza.

Asanakhudze chilichonse anakopera disiki yonse ku disiki yawo ina, ndipo anandiuza kuti disiki yodwala siyeneranso kuvutitsidwa ndi mayeso zimene zili m'kati mwake zisanapulumutsidwe. Atatero anayesa mafayilo onse polemba pa kompyuta lamulo loyesera mafayilo a FLAC lakuti flac -t. Apa ndi pamene ndinaona ubwino wa mtundu umenewu wa fayilo, umene Josh Coalson anautulutsa m'chaka cha 2001 ndipo kuyambira 2003 uli m'manja mwa bungwe la Xiph.Org. Fayilo ya FLAC imasunga kumutu kwake chidindo chotchedwa MD5, chimene chinawerengedwa kuchokera ku mawu enieni pa nthawi imene fayiloyo inkapangidwa. Pulogalamu yoyesayo imamasula nyimbo yonse, n'kuwerenganso chidindocho, n'kufananitsa ndi chimene chinasungidwa. Zikasiyana, ndiye kuti fayilo inawonongeka. Mndandanda umene unatuluka unagwirizana ndendende ndi nyimbo zimene zinkaima pamalo amodzi, ndipo zinaonekeratu kuti nyimbo zimenezo sizikanalira bwino ngakhale ndikanagula rauta yatsopano kapena masipika odula.

Chimene ndinachikonda kwambiri n'chakuti sanalekere pamenepo, koma anafuna kudziwa chimene chinawononga mafayilowo. Anawerenga mbiri imene disiki imadzisungira yokha, yotchedwa SMART, ndipo anapeza kuti inali ndi zigawo zimene zinalephera kuwerengeka. Kenaka analumikiza seva ndi tchaja imene inkagwiritsidwa ntchito kunyumba, n'kundipempha kuti ndiyandikize khutu pa disiki pamene nyimbo ikuyamba. Munkamveka kaphokoso kakuti tcha, tcha, kosonyeza kuti disikiyo ikuyesa kuzungulira koma mphamvu ikuiperewera, ndipo pa nthawi yomweyo kanyali kofiira ka pa Raspberry Pi kankazima n'kuyakanso. Anandifotokozera kuti kakompyuta kameneka kamafuna mavoti 5 ndi maampu 3, ndipo kanyaliko kamazima magetsi akatsika kupitirira muyezo, pamene tchaja ija inali ya foni wamba imene sikanatha kudyetsa kompyuta ndi disiki yozungulira pamodzi. Tikaonjezapo kuzimazima kwa magetsi, kumene nthawi zina kumapeza disiki ili pakati polemba, sizodabwitsa kuti mafayilo ena anavulala. Anaika adaputa yoyenera, anasintha disiki, ndipo anandilangiza kuti seva ndi rauta zizidyera ku batire ya sola kudzera pa inveta, kuti magetsi akathima mwadzidzidzi zisamazimire limodzi.

Za kudodoma kwa nyimbo kuchipinda chakumapeto anakana kuweruza ali pa shopu, ndipo anabwera okha kunyumba pa kabaza atanyamula laputopu ndi mpukutu wa chingwe cha netiweki. Anayamba ndi masamu. Nyimbo ya pa CD imakhala ya 16 bit ndi 44.1 kHz, manambala osonyeza kuchuluka kwa tsatanetsatane wa mawu amene anajambulidwa, zimene zimafuna kuti netiweki izinyamula ma kilobit 1,411 pa sekondi, ndipo FLAC imachepetsa zimenezi kufika pafupifupi theka kapena kupitirirapo pang'ono. Ngakhale mafayilo akuluakulu a 24 bit ndi 96 kHz, amene asanafinyidwe amafika ma kilobit 4,608 pa sekondi, ndi katundu wopepuka kwa Wi-Fi imene ikugwira bwino. Choncho vuto silinali kulemera kwa nyimbo, koma kufooka kwa netiweki pofika kuchipindako. Anayenda ndi laputopu chipinda ndi chipinda akuonetsa mmene mphamvu inkatsikira akadutsa khoma lililonse la njerwa zootcha, ndipo anandiuza kuti Wi-Fi ya 5 GHz imathamanga kwambiri koma imalephera kuboola makoma poyerekeza ndi ya 2.4 GHz. Rauta inali pansi, kuseri kwa kabati ya TV. Anaikweza pamwamba pa khoma la mukhonde la m'kati, analumikiza seva ku rauta ndi chingwe m'malo mwa Wi-Fi, ndipo anakulitsa gawo la nyimbo limene pulogalamu ya pa foni imasungiratu isanayambe kuliza. Kuyambira pamenepo nyimbo sizinadodomenso.

Nkhani ya TV ndiyo inatenga nthawi, chifukwa mafayilo amene inkawakana sanali ndi vuto limodzi. Ena anali ndi dzina lothera ndi .m4a, ndipo amisiri anandisonyeza kuti dzina limeneli limangotchula chotengera, pamene m'kati mwake mukhoza kukhala AAC, imene imataya mawu ena, kapena ALAC ya kampani ya Apple, imene sitaya kanthu; TV yanga inkadziwa yoyambayo yokha. Popeza ALAC ndi FLAC zonse ziwiri sizitaya mawu, anasandutsa mafayilowo kukhala FLAC popanda chotayika. Ena anali a FLAC ndithu, koma pulogalamu ina yakale inawamata kumutu zolemba za mtundu wa ID3, umene ndi wa MP3, pamene FLAC ili ndi njira yakeyake yosungira dzina la nyimbo ndi la woyimba yotchedwa Vorbis comment. Zipangizo zina zimalumpha zolemba zachilendozo, koma zina zikapanda kupeza chizindikiro cha FLAC kumayambiriro kwenikweni zimangoti fayilo siyodziwika. Anazichotsa, n'kulembanso mayina m'njira yoyenera, ndipo anachepetsanso zithunzi za pachikuto zimene zinali zazikulu mopyola muyezo. Gulu lotsala linali la mafayilo a 24 bit amene TV yakaleyo siingawathe, ndipo apa anatchera seva kuti izigwiritsa ntchito pulogalamu yosinthira mafayilo yotchedwa FFmpeg kutsitsa nyimbozo kufika pa muyezo wa CD pa nthawi yokhayo imene TV yazipempha, mafayilo enieni a pa disiki osakhudzidwa. Njira imeneyi ndiyo ndikuiona kuti ndi ya mmisiri weniweni, popeza chipangizo chofooka chimalandira zimene chingathe koma chuma chosungidwa sichichepetsedwa chifukwa cha icho.

Panalinso ma CD a makwaya amene anakopedwa ngati fayilo imodzi yaitali yokhala ndi kafayilo ka CUE kosonyeza pamene nyimbo iliyonse ikuyambira, ndipo seva inkawaonetsa ngati nyimbo imodzi. Anawadula kukhala nyimbo payokhapayokha, n'kuonetsetsa kuti pamene kwaya inalumikiza nyimbo ziwiri osapumira pasamveke mpata.

Pali chinthu china chimene akanatha kungokhala chete, koma anandiuza mosabisa. Nyimbo zina zimene ndinapatsidwa ndi anzanga zili kale mu FLAC anazitsegula m'pulogalamu ya Spek, imene imajambula mawu a nyimbo kuyambira otsika mpaka okwera kwambiri. Pa nyimbo yokopedwa ku CD chithunzicho chinkakwera mosadukiza kupitirira 20 kHz, koma pa zinazo chinkaduka mowongoka pafupi ndi 16 kHz, pamwamba pake pali mdima wokhawokha, chimene kawirikawiri chimasonyeza kuti nyimboyo inali MP3 ya 128 kbps munthu wina asanaisandutse FLAC. Ife a kuno tikudziwa kuti fodya wa giredi yotsika sakwera giredi chifukwa chakuti wamangidwa m'belo lalikulu, ndipo mafayilo amenewo anali otero: ankadya malo ambiri pa disiki koma mawu ake anali a MP3. Sanawafufute, anangowaika mufoda yawoyawo kuti ndisankhe ndekha. Anandichenjezanso kuti ndikamamvera kudzera pa sipika ya Bluetooth ndisayembekezere kumva zonse zimene zili mu FLAC, chifukwa njira ya SBC imene masipika ambiri otere amagwiritsa ntchito imafinya mawu motaya ena, ndipo ubwino wa mafayilowa umamveka mokwanira pamene ampulifaya yalumikizidwa ndi chingwe.

Zofooka zilipo ndipo ndiyenera kuzitchula. Shopuyi sisunga zipangizo zambiri, moti adaputa ndi disiki anachita kuitanitsa ku Lilongwe, ndipo tsiku limene anandilonjeza linadutsa popanda uthenga uliwonse mpaka nditawaimbira ndekha. Munthu amene wasiya disiki yokhala ndi zinthu zosapezekanso kwina amakhala ndi nkhawa, ndipo uthenga umodzi wa pa WhatsApp ukanakwanira kumukhazika mtima pansi. Chachiwiri n'chakuti malowo ndi opanikizika ndipo fumbi la pamsika limalowa mosavuta. Zinandidetsa nkhawa kuona makompyuta otsegulidwa ali pa tebulo popanda chofunda m'nyengo ya mphepo ndi fumbi. Chachitatu, zonse zimene anasintha pa seva anandifotokozera pakamwa, ndipo pepala lolembapo zimenezo ndinalilandira nditachita kuumirira, pamene liyenera kukhala gawo la ntchitoyo, popeza tsiku lina seva ikhoza kudzagwiridwa ndi mmisiri wina amene adzafunike kudziwa poyambira.

Sikuti nyimbo zonse zinapulumuka. Mafayilo owonongeka amene ma CD ake anali akadali abwino anawakopanso ndi pulogalamu ya Exact Audio Copy, imene imawerenga mobwerezabwereza pamalo pokayikitsa m'malo mongodutsapo. Koma nyimbo zingapo za kwaya ina, zimene CD yake inakandika kotheratu, anangotha kupulumutsako zigawo zimene zinali zisanavulale, ndipo anandiuza poyera kuti palibe pulogalamu imene ingabwezeretse mawu amene kulibe. Zinandipweteka, chifukwa ena mwa amene ankayimba m'kwayamo anatisiya, komabe ndinayamikira kuti sanandilipiritse ndalama pondilonjeza zosatheka. Mtengo wa ntchito anautchula asanayambe, analekanitsa ndalama ya zipangizo ndi ya luso lawo, anandipatsa lisiti, ndipo disiki yakale anandibwezera m'manja pamodzi ndi malangizo akuti ndigule ina yachiwiri yosungirako kope la nyimbo zonse, imene izikhala yosalumikizidwa ku magetsi kupatula pa tsiku lokopera.

Kwa munthu amene akungofuna nyimbo zomvera pa foni ali paulendo, shopu imeneyi ingamuchedwetse chabe, ndipo anyamata a m'makonde aja amuthandiza mwachangu. Koma amene ali ndi seva kunyumba, kapena mpingo umene ukusunga nyimbo za makwaya ake pa kompyuta, ndikuwalimbikitsa kufunafuna amisiri ogwira ntchito mwa njira imeneyi, ndipo ine a kuseri kwa msikawa ndidzawapitiranso. Popita musanyamule seva yokha. Tengani disiki, tchaja yeniyeni imene mumagwiritsa ntchito kunyumba, ma CD amene mukadali nawo, ndiponso mndandanda wa nyimbo zimene zikuvuta wosonyeza chipangizo chimene munkalizirapo, chipinda chimene munali, ndiponso ngati nyimboyo imaimira pamalo amodzi kapena mosinthasintha. Muwapemphenso kuti akopere disiki yanu musanachoke pa shopupo, ndipo mugwirizane tsiku loti adzakuimbireni ngakhale zipangizo zitakhala kuti sizinafike.