Ndemanga: Fender Hot Rod Deluxe IV kwa oimba blues ndi jazz mu Blantyre

Woimba gitala amene Lachisanu ali pa blues ndipo Lamulungu ali pa jazz amafuna zinthu ziwiri zotsutsana kwa amplifaya imodzi. Blues imakoma mawu akamasasa pang'ono mukakhwimitsa dzanja pa nsambo. Jazz imafuna mawu onenepa, omveka bwino, osasweka ngakhale woimba ng'oma atatenthedwa. Hot Rod Deluxe IV, amplifaya ya gitala yopangidwa ndi kampani ya Fender, tayiyesa m'maholo, m'mahotela ndi m'chipinda chokonzekera nyimbo, ndipo zonse ziwirizi imakwanitsa, koma pali zoti musinthe ikatuluka m'katoni.

Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1996, ndipo wa IV unatuluka mu 2018. Mphamvu yake ndi mawatsi 40. M'kati muli ma valve (mababu a galasi okuza mawu) awiri akuluakulu a 6L6, atatu ang'onoang'ono a 12AX7, sipika imodzi ya Celestion A-Type ya mainchesi 12, ndi reverb (chomveketsa mawu ngati muli m'holo) ya masipuling'i. Imalemera pafupifupi makilogalamu 19, choncho munthu mmodzi amainyamula, kungoti pokwera nayo masitepe mkono umamva. Matchanelo alipo atatu, Normal, Drive ndi More Drive, ndipo mumasinthira ku phazi.

Phindu lonse la amplifayayi lili pa tchanelo cha Normal. Ma 6L6 amachedwa kusasa, ndiye mutha kukweza voliyumu mpaka gitala kumveka pamwamba pa ng'oma, besi ndi kiyibodi, nsambo iliyonse ya kodi (nsambo zingapo zolizidwa pamodzi) ikumvekabe payokha. Apa ndi pamene imaposera Blues Junior IV, imene ambiri amaithamangira chifukwa ndi yopepuka komanso yotsikirapo mtengo. Blues Junior ili ndi mawatsi 15 ndi ma valve a EL84. Pa kukwera kwa phokoso, 15 ndi 40 amangosiyana ndi ma decibel (muyeso wa phokoso) ngati 4, koma ma decibel 4 amenewo ndiwo amasunga kodi ya jazz kuti isaphwanyike gulu lonse likalowa. Pa blues yokha Blues Junior ndi yabwino ndithu. Mukaipatsa gitala la mphako lokhala ndi ma humbucker (mtundu wa mapikapu, tizipangizo totola mawu a nsambo), imayamba kusasa woimba ng'oma asanafike n'komwe pakati pa nyimbo.

Pa jazz, lowetsani kebulo pa bowo lachiwiri mwa mabowo awiri olowetsera gitala, chifukwa limachepetsa mphamvu ya gitala ndi ma decibel 6. Batani la Bright likhale lozimitsa. Manambala a zopotokola zake amafika pa 12, osati 10, ndiye ikani Treble pa 4, Bass pa 3, Middle pa 8, Presence pa 2, Reverb pa 2, ndipo gwiritsani ntchito pikapu ya kukhosi. Ambiri amakweza Bass poganiza kuti ndiye kunenepa kwa jazz. Zotsatira zake gitala la mphako limayamba kulira lokha, kuuuu, makamaka pa nsambo ziwiri zazikulu, ndipo mumalowa m'malo mwa woimba besi. Kunenepa kumachokera ku Middle ndi ku nsambo zosalala za flatwound, zoyambira pa .012 ya inchi. Ngati gitala likulirabe, ikani amplifaya kumbali ya khosi la gitala, osati kumbuyo kwa thupi lake, ndipo muikweze pa mpando kuti isagunde pansi.

Chosintha chachikulu ndi chotsika mtengo: valve yoyamba, imene amaitcha V1, yomwe ili pafupi ndi mabowo olowetsera gitala. 12AX7 imene imabwera pamenepo imakuza mawu ka 100, koma pali mitundu ina ya valve: 5751 ka 70, 12AT7 ka 60, pamene 12AY7 imakuza ka 40 kapena kupitirira pang'ono. Zonsezi zimalowa pa soketi imodzimodziyo, ndipo simufunika mmisiri. Zimitsani, zulani pulagi, dikirani kuti izizire, kokani valve mowongoka, lowetsani inayo molingana ndi mpata wa timapini. Ndi 12AX7, voliyumu imalumpha msanga, pa 2 kuli chete, pa 3 aneba ayamba kugogoda. Mukaika 5751 kapena 12AY7 imakwera pang'onopang'ono ndipo kuthwa kwa mawu kumachepa. Fender yomweyo inachita zimenezi pa Hot Rod Deluxe ya George Benson, woimba gitala wa jazz, imene inaikidwa 12AT7 ndi sipika ya Jensen C12K. Kwa amene akufuna blues ndi jazz pamodzi, ife tikuti 5751, chifukwa 12AY7 imafooketsa kwambiri tchanelo cha Drive.

Pa blues nkhani ndi yosakanikira. Drive ya mtundu wa IV inakonzedwako poyerekeza ndi yakale. Ndi gitala la Stratocaster pa bowo loyamba, Drive pa 4 kapena 5 ndi Master pa 3, kusasa kwake n'kokoma, ndipo mukabweza voliyumu ya pa gitala mpaka pa 7 mawu amayeranso. More Drive sitikuyamikira. Imapyapyalitsa mawu, imawonjezera kulira kwa magetsi, ndipo blues siifuna phokoso lotere. Vuto lina n'lakuti Treble, Bass ndi Middle ndi zimodzi pa matchanelo onse, ndiye zimene mwatchera jazz zimakutsatirani ku Drive. Njira yabwino ndi kukhala pa Normal usiku wonse, n'kuika pedo imodzi (kabokosi koponda ndi phazi kosasitsa mawu) patsogolo, monga Ibanez TS9 kapena Boss BD-2, Drive ya pedoyo itatsitsidwa, Level itakwezedwa. Kusasa kochokera mu ma 6L6 enieniwo musakuyembekezere pa malo odyera kapena mu tchalitchi, chifukwa kumabwera phokoso litafika poti anthu sangamvane.

Kunoko amplifayayi imaphedwa ndi magetsi kuposa china chilichonse. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Yogulidwa ku America ndi ya mavoti 120, ndipo mukangoilumikiza pakhoma osayang'ana, mwayi ukakhalapo ipsa fyuzi, ukapanda ipsa thiransifoma. Werengani zolembedwa kumbuyo musanapereke ndalama. Yochokera ku Johannesburg kapena ku London ndi ya magetsi ofanana ndi athu. Ya ku South Africa mungosintha pulagi ya mapini ozungulira n'kuika ya kuno ya mapini atatu amakona, waya wa earth osausiya. Ngati mwapeza kale ya 120, gulani thiransifoma yotsitsa magetsi ya 500 VA. Soketi yopanda earth imabweretsa kung'ung'uza kosatha, ndipo ndi imene imachititsa kuti mlomo ukakhudza maikolofoni manja ali pa nsambo, magetsi akugwireni. Zimenezi si zoseweretsa.

Magetsi akathima pakati pa nyimbo, zimitsani amplifaya nthawi yomweyo, chifukwa pobwera amatha kudza ndi mphamvu yopyola muyeso. Pa jenereta, isiyeni iyambe yakhazikika musanalumikize, ndipo musagawane waya ndi mafiriji a mowa kapena zozizira, chifukwa nthawi iliyonse firiji ikadzuka magetsi amagwa kenako n'kudumpha. Sitebilaiza ya 1000 VA ndi gawo la mtengo wa amplifayayi, muiwerengere pogula. Poyatsa, yambani ndi Power, dikirani masekondi 30 mpaka mphindi imodzi, kenako Standby. Musaiyatse sipika itazulidwa: amplifaya ya ma valve ikasowa sipika, thiransifoma yotulutsa mawu imapsa, ndipo imeneyo ndi yokwera mtengo zedi.

Ma valve ndi galasi lokhala ndi tizitsulo topyapyala m'kati. Akatentha sakonda kugwedezeka, choncho mukamaliza ipatseni mphindi 10 musanaikweze m'galimoto. Ikhale choimirira pa mpando kapena pa thonje, osati pa chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto ya pikapu pa msewu wa mabampu wopita ku Bangwe kapena ku Chilomoni. Chifunga cha chiperoni mu June ndi July, ndi chinyezi cha dzinja, zimachititsa dzimbiri pa timapini ta ma valve ndi m'mabowo a makebulo, pamene fumbi la October limalowa m'zopotokola n'kumamveka kwee-kwee mukamapotokola. Iphimbeni ikazizira, ndipo muziiyatsa ngakhale sabata imene mulibe ntchito. Valve yaing'ono ikayamba kulira tswii yokha, igogodeni pang'ono ndi pensulo amplifaya ili yoyatsa. Imene ikumveka kwambiri mu sipika ndiyo yodwala.

Ma 6L6 amasinthidwa awiri pamodzi, oyezedwa kuti ndi ofanana, ndipo akalowa atsopano pafunika kutchera bias (kuchuluka kwa magetsi oyenda mu ma valve amenewa). Ubwino wa Hot Rod ndi wakuti ili ndi kopotokola ka bias m'kati, komwe Blues Junior ilibe. Mmisiri amayeza pa resistor ya 1 ohm, ndipo chithunzi cha mawaya cha Fender chimapereka mamilivoti 60 pa ma valve onse awiri. Ntchito imeneyi musaigwire nokha. M'katimo muli mavoti opitirira 400, ndipo ma capacitor amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Mukaona chitsulo cha m'kati mwa valve chafiira ngati khala la moto, zimitsani pompo.

Ogula yogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka mitundu ya m'mbuyo mwa IV, auzeni amisiri ayang'ane ma resistor awiri oyera a 470 ohm, 5 watt, olembedwa R78 ndi R79. Amatentha kwambiri, amawaula bolodi, mtovu wowotcherera n'kung'ambika. Chizindikiro chake ndi matchanelo osintha okha kapena reverb yozima n'kubwera. Mabowo olowetsera gitala ndi a pulasitiki owotcheredwa pa bolodi, ndiye kebulo ikakokedwa ndi phazi amathyoka; muzidutsitsa kebulo pa chogwirira cha pamwamba musanailowetse.

Ngati mumaimba jazz yokha, mulibe mmisiri womudalira, ndipo nthawi zambiri muli pa jenereta, amplifaya yopanda ma valve monga Roland JC-40 ikupumitsani mtima. Woimbira m'nyumba yekha atenge Blues Junior. Amene ali ndi gulu lokhala ndi ng'oma, ndipo akufuna amplifaya imodzi pa nyimbo zonse ziwiri, agule Hot Rod Deluxe IV ya mavoti 230, ndipo poitanitsa aikemo 5751 imodzi, 12AX7 yapadera, ma 6L6 awiri ofanana, ndi mafyuzi a muyeso umene walembedwa kumbuyo kwake, kuti valve ikafa asakhale mwezi wathunthu akudikira katundu.