Avastin wa m'diso patatha chaka: madzi amauma, kufota sikuleka

Matenda a macula a ukalamba akafika pa mtundu wonyowa, timitsempha tatsopano timamera pansi pa retina (kachikopa ka kumbuyo m'kati mwa diso kamene kamalandira kuwala) n'kumadontha madzi ndi magazi pakatikati pake penipeni potchedwa macula, pamene munthu amawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Avastin, mankhwala oletsa kudontha kumeneku, amabayidwa m'diso momwemo, 1.25 mg mu 0.05 ml, atadontheza mankhwala a dzanzi ndi kutsuka diso ndi mankhwala opha tizilombo a povidone-iodine. Majakisoni atatu oyamba ndi a mwezi ndi mwezi. Makina a OCT, ojambula m'kati mwa diso, akaonetsa kuti madzi auma, dokotala amawonjezera masabata awiriawiri pakati pa majakisoni, kuchoka pa 4 mpaka 12. Madzi akabwerera, nthawi imafupikanso.

Miyezi itatu yoyamba ndiyo imasangalatsa. Felemu ya chitseko yomwe inkaoneka yokhota imawongoka, malemba akuluakulu amayamba kuwerengeka. Kuchoka apo musayembekezere zambiri, ntchito ya jakisoni imangokhala yoteteza chomwe chatsala.

Pa mtengo wake ndi mankhwala abwino. Kafukufuku wotchedwa CATT ku America anaonetsa mu 2011 kuti patatha chaka Avastin amagwira mofanana ndi jakisoni wina wa m'diso wa Lucentis, yemwe ndi wodula kwambiri. Koma atawaunikanso odwala omwewo patatha zaka 5, phindu la poyamba lija linali litatha kwa ambiri, ngakhale theka la maso linkaonabe 6/12 (kuona pa mamita 6 zomwe diso labwino limaona pa mamita 12) kapena bwino kuposa apo. Zifukwa ndi ziwiri. Jakisoni amaletsa kudontha, koma saletsa maselo a macula kufota ndi kufa. Banga losaona limakulabe pang'onopang'ono ngakhale OCT ikuonetsa pouma. China, chomwe chimatipweteka mtima chifukwa n'chopeweka, ndi kujomba. Agogo akayamba kuona bwino, abale amati achira, ndalama ya thiransipoti ipite kwina. Pakadutsa miyezi itatu kapena inayi magazi amatha kutayikiranso n'kusiya chipsera, ndipo chipsera sichichoka ndi jakisoni aliyense. Izi si ng'ala yoti opaleshoni imodzi n'kuthana nayo.

Mukabayidwa jakisoni, kadontho kofiira poyera pa diso ndi kunyerenyetsa ngati mwalowa mchenga zimatha m'masiku ochepa. Koma ululu womakulirakulira, diso lofiira ndi kuona chimbuuzi m'sabata yoyamba ndi zizindikiro zoti mwalowa tizilombo. Sizichitikachitika, koma zikatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Diso linalo nalo lili pachiopsezo, ndipo limaiwalika. Matani pepala la Amsler, la mizere yopingasana loyezera maso, pakhoma powala bwino. Muliyang'ane tsiku lililonse pa mtunda wa masentimita 30, mutavala magalasi owerengera, diso limodzi mutalitseka ndi dzanja, chifukwa onse akatseguka labwinolo limabisa vuto la linzake. Mizere ikakhota kapena kusowa, musadikire tsiku la jakisoni. Ndipo ngati wodwala amasuta fodya, asiye.