Loya woyang'anira mlandu wa mfuti: ndalama yanu imagula chiyani kwenikweni?

Pali ntchito ina imene maloya amagulitsa yomwe amalonda a pa Limbuli, Chitakale ndi Luchenza, ngakhalenso mabwana a alonda a m'maesiteti a tiyi, amaimva madzi atafika kale m'khosi. Maloyawo amaitcha watching brief. Munthu amene waberedwa ndi achifwamba a mfuti amalemba loya woti azikhala m'khoti ndi kutsatira mlanduwo m'malo mwake. Kuona kwathu ndi uku: ntchitoyi ndi yaphindu ngati loya walowa woimbidwa mlandu asanafunsidwe ngati akuvomera kapena akukana. Akalowa chilango chitaperekedwa kale, mwagula kalata imodzi pamtengo wa ng'ombe.

Tiyambe ndi zimene loyayu sangachite, poti apa ndi pamene makasitomala amakhumudwira. Mlandu wa mfuti ndi wa boma. Amene amaimirira ndi kufunsa mboni ndi pulosekyuta wa polisi, yemwe amagwira ntchito pansi pa ulamuliro wa mkulu wozenga milandu ya boma, DPP. Loya wanu amakhala chete, kulemba zonse, ndi kukambirana ndi pulosekyuta panja kapena pa nthawi yopuma. Kuti azenge yekha mlanduwo pamafunika chilolezo chapadera. Amene akuyembekeza kuona loya wake akuthambitsa wakuba ndi mafunso asawononge ndalama.

Nanga phindu lili pati? Lili pa momwe chilango chimapangidwira. Anthu akamva kuti wopezeka ndi mfuti ya asilikali wapatsidwa miyezi yowerengeka, amathamangira kunena kuti majisitireti wadya. Nthawi zambiri nkhani imakhala itaonongekera papepala, mlandu usanafike kwa majisitiretiyo. Mfuti yolavula zipolopolo motsatizana ngati AK-47 ili m'gulu la zida zoletsedwa pa gawo 16 la lamulo la mfuti, ndipo chilango chake chimafika zaka 14. Koma munthu yemweyo akhoza kulembedwa mlandu wongosunga mfuti popanda chiphaso, womwe ndi wopepuka kwambiri. Ngati mfutiyo inabedwa, pali mlandu wina wolandira katundu wakuba pa gawo 328 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake. Ngati inagwira ntchito pobera sitolo, gawo 301 la lamulo lomweli limafika mpaka ukaidi wa moyo wonse kapena chilango cha imfa. Majisitireti sangalange mlandu umene sunalembedwe, ndiye chinthu choyamba chimene loya wodziwa ntchito amafuna kuona ndi pepala la mlandulo. Loya amene sanalifunse pofika tsiku lachiwiri musiyeni.

Chachiwiri ndi mfuti yeniyeniyo. Kuno kumalire anthu anazolowera kuganiza kuti mfuti iliyonse inalowera pa Muloza, yotsala pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Zina zilidi zotero, zadzimbiri, zokumbidwa m'munda. Koma mfuti yotuluka m'nyumba yosungira zida za boma ndi nkhani ina, ndipo chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi nambala yodindidwa pachitsulo. Pamafunika lipoti la katswiri wa mfuti wa polisi lonena mtundu wake, nambala yake, ngati ikuwomba, ndi kuchuluka kwa zipolopolo. Magazini ya AK-47 imatenga zipolopolo 30, ndipo munthu wopezeka nayo yodzaza sangafanane ndi wopezeka ndi chitsulo chopanda kanthu. Lipotili likachedwa, ndiye woimbidwa mlandu n'kuvomera msanga, pulosekyuta amangowerenga mizere itatu: anapezeka ndi mfuti, analibe chiphaso, wavomera. Khoti limagamula pa mizere itatu yomweyo.

Apa ndi pamene ndalama yanu imagwira ntchito, mphindi khumi zokha za mlandu wonse. Munthu akavomera, boma limafotokoza momwe zinachitikira, iye n'kupempha kuti amuchepetsere chilango: ndi koyamba, ali ndi ana, mfutiyo yapezeka, sanatayitse khoti nthawi. Zonsezi ndi zovomerezeka. Kuvomera kokha kumatha kuchotsa mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango. Gawo 340 la lamulo la kazengedwe ka milandu limauzanso khoti kuti wopalamula koyamba asathamangitsidwire kundende pokhapokha palibe njira ina yoyenera, ndipo gawo 339 limalola kuimika chilango, munthu n'kubwerera kwawo ndi chenjezo loti asapalamulenso. Ngati mbali ya boma siyankha kanthu, majisitireti amatsala ndi zifukwa za mbali imodzi. Loya woyang'anira amakonzeratu zoyankha ndi kuzipereka kwa pulosekyuta: mfuti ndi ya boma, zipolopolo zinalipo zingati, analipo anthu angati, unali usiku, mlonda anavulala motani pamodzi ndi lipoti la kuchipatala, katundu wotayika ndi malisiti ake, ndi zigamulo za Khoti Lalikulu pa milandu yofanana. Pulosekyuta wokhala ndi madoketi mulu patebulo sakana pepala lokonzedwa bwino.

Osaiwalanso kuti kundende mkaidi wa khalidwe labwino amachotseredwa gawo limodzi mwa atatu, ndipo kawirikawiri masiku amawerengedwa kuchokera tsiku limene anagwidwa. Zaka 3 zapapepala ndi zaka 2 za kalavulagaga, kuchotsanso miyezi ya pa rimandi. Loya woona mtima amakuuzani masamu amenewa pa tsiku loyamba, kuti musadzadabwe mukadzakumana naye munthuyo pamsika wa Bvumbwe.

Chilango chikatuluka chopepuka, njira zimachepa. Inu wodandaula simungachite apilo, chifukwa mlandu si wanu. Chotsala ndi kupempha Khoti Lalikulu ku Blantyre kuti liitanitse fayilo ndi kuunikanso, mphamvu imene lili nayo pa magawo 360 ndi 362 a lamulo la kazengedwe ka milandu. Ambiri amaganiza kuti fayilo iliyonse imapita yokha. Gawo 15 la lamulo lomwelo limatumizadi zilango zina kuti zikatsimikizidwe, monga choposa zaka 2 chochokera kwa majisitireti wamkulu wotchedwa Resident Magistrate kapena choposa chaka chimodzi chochokera kwa majisitireti wa giredi yoyamba, koma cholinga chake chachikulu ndi kuteteza womangidwa ku chilango chopyola muyeso. Chilango choimikidwa, chomwe ndi chimene chimawawa anthu kumudzi, chikhoza kugona m'kabati ngati palibe wolemba kalata. Kalatayo ikhale ndi nambala ya mlandu, dzina la khoti, tsiku la chigamulo, gawo la lamulo, ndi chifukwa chenicheni. Kulemba kuti anthu akwiya sikuthandiza. Jaji amawonjezera chilango ngati chili chochepa moonekeratu kapena ngati khoti laling'ono linaphonya mfundo ya lamulo, ndipo sangatero asanamve mbali ya wolangidwayo. Jajiyo amawerenga zomwe zili m'fayilo basi. Nambala ya mfuti ikakhala kuti sinatchulidwe ku Mulanje, sidzamera yokha ku Khoti Lalikulu ku Chichiri.

Zofooka za ntchitoyi zilipo, ndipo chachikulu ndi mtunda. Maloya ambiri ali ku Blantyre ndi ku Limbe, makilomita oposa 60 kuchokera pa boma la Mulanje kudzera msewu wa Midima. Thyolo ndi pafupiko. Ambiri amalipiritsa tsiku lililonse limene aonekera kukhoti, kuphatikiza mafuta a galimoto, ndipo mlandu ukaimitsidwa chifukwa mboni sinabwere kapena galimoto yonyamula akaidi yasowa, tsikulo mwalipirabe. Gwirizanani polemba kuti abwere masiku atatu okha ofunika: lowerenga mlandu, la umboni wa katswiri wa mfuti, ndi la chilango. Masiku enawo m'bale wodziwa kulemba akhoza kukhala pabenchi ndi kope. Vuto lina ndi kutumiziridwa kalaliki m'malo mwa loya amene munalankhula naye. Kalaliki amalemba tsiku lotsatira, koma sangakonze mfundo za chilango.

Ndiye pali madobadoba ozungulira pamakhoti, ovala jekete ndi kunyamula chikwama, olonjeza kuti alankhula ndi akuluakulu. Bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho. Yang'anani dzina pamenepo musanapereke kalikonse, ndipo ndalama ilipiridwe ku ofesi, mulandire lisiti lokhala ndi chidindo.

Kwa mwini golosale yaing'ono amene anaberedwa ndalama za tsiku limodzi, mtengo wake upitirira zimene anataya. Iyeyu apite yekha kwa pulosekyuta mlandu usanalowe, atanyamula malisiti ndi lipoti la kuchipatala, afunse gawo limene lalembedwa ndi ngati lipoti la mfuti lafika. Kwa holosale, esiteti, kapena amalonda a pamsika umodzi amene asonkherana, loya wa masiku atatu aja ndi wokwanira, bola amuimbire foni tsiku lomwe munthu wagwidwa, chifukwa malamulo amati wogwidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48.