Eriyo ndi kabokosi ka DVB-T2: zandithandiza bwanji ine wokhala ku Joni theka la chaka

Ife amene timagwira ntchito ku Joni koma munda uli kwathu tili ndi vuto lomwe anzathu okhazikika kuno saliganizira. Mitambo ikayamba kuda cha mu Novembala timakhoma chitseko, kukwera basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndipo ena sitibwerera mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe. Lendi timalipirabe poopa kutaya chipinda. Koma kanema naye azidya ndalama mwezi ndi mwezi, mwini wake ali ku Dedza akupalira? Kumeneko n'kulipira waganyu amene sanagwire khasu.

Ine ndine penta, ndimakhala kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Turffontein. Ndikufuna ndikuuzeni za zinthu ziwiri zomwe ndinagula pa sitolo ina ya zamagetsi ku Crown Mines: eriyo ya panja ndi kabokosi kolandirira kanema wa digito, kamene pa katoni pake palembedwa DVB-T2. Zonse pamodzi ndi chingwe chake sizinafike R1000, ndipo chigulireni palibe amene anabwera kudzandiitanitsa ya pamwezi.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi amene anandikankha. Mu 2025 DStv Compact inali pa R479 pamwezi. Munthu akachoka miyezi isanu osaimitsa, R2,395 yapita, nyumba ili zii. Kwathu ndalama imeneyo imasanduka feteleza. Kunena chilungamo, DStv imalola munthu kuimitsa ndi kudzayambiranso, ndipo amene amakumbukira kutero sataya kanthu. Amene amalira ndi aja anasainira kontirakiti ya miyezi 24 pofuna dikoda yotchipa, komanso aja ndalama imangodulidwa yokha ku banki. Munthu woyendayenda asamasainire chinthu cha zaka ziwiri, ameneyo ndiye malangizo anga oyamba.

Kabokosika ndi kakang'ono, kokwana m'thumba la jekete. Kumbuyo kuli polowetsa chingwe cha eriyo, polowetsa HDMI, ndi mabowo atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira, a ma TV akale. Kulibe khadi, kulibe nambala yoimbira kuti akutsegulire. Ukalumikiza, umasankha pa menyu kuti kafufuze kokha matchanelo, n'kudikira mphindi zochepa. Chifukwa chake kabokosi wamba kotere kamagwira ntchito n'chakuti kanema waulere wa pa eriyo kuno sakhomedwa. Nkhaniyi inafika mpaka ku Constitutional Court, ndipo mu 2017 khotilo linagwirizana ndi ndondomeko ya boma yosakhoma siginolo. Boma linkaperekanso mabokosi aulere kwa mabanja opeza ndalama zosapitirira R3,500 pamwezi, koma ankafuna chiphaso cha nzika ya South Africa. Ife a pasipoti tisataye nthawi pa mzere umenewo, tingogula tokha.

Musanagule, yang'anani kaye TV yanu. Ma TV ambiri atsopano amabwera ndi DVB-T2 m'kati mwake, ndiye mumangofunika eriyo basi. Mlamu wanga ku Rosettenville anali atatsala pang'ono kugula kabokosi, titawerenga kumbuyo kwa TV yake tinapeza kuti zonse zilimo kale.

Tsopano eriyo, pakuti nkhani yagona pamenepa. M'katoni ya kabokosi munali kaeriyo ka m'nyumba, kakafupi ngati cholembera, kokhala ndi maginito pansi. Kameneko musakadalire. M'chipinda changa, chomwe denga lake ndi la malata, kankagwira chithunzi kwa kanthawi, munthu akangodutsa pakhomo chithunzi n'kuuma. Wogulitsa anandiuziratu. Anati, "Achimwene, ngati mukukhala m'nyumba ya malata tengani ya panja, kameneka n'ka anthu a m'mafulati a pamwamba." Ndinamulemekeza chifukwa cha mawu amenewo, sanafune kungondigulitsa katoni n'kundiiwala.

Eriyo ya panja yomwe ndinatenga ndi ya UHF, ija yokhala ndi timitengo tachitsulo tambiri tondondozana ndi kachisefa kumbuyo. Kanema wa digito kuno amaulutsidwa pa mafunde otchedwa UHF, choncho zieriyo zikuluzikulu zakale za VHF zomwe zatsala pa madenga ena sizithandiza kwenikweni. Siginolo ya mu Johannesburg imachokera pa nsanja ya Sentech, kampani youlutsa siginolo, ku Brixton, ija yaitali mamita 237 imene mumaiona mukamadutsa ku Auckland Park kapena ku Mayfair. Mphuno ya eriyo iloze kumeneko. Ine ndinaimangirira pa paipi yomwe ndinakhomerera ku mpanda, popeza alandilodi sanafune kuti ndiboole khoma. Mnzanga anali m'nyumba akuyang'ana mizere iwiri ya pa menyu, wa mphamvu ndi wa ubwino wa siginolo, ine ndili pa makwerero ndikupotoza pang'onopang'ono. Mzere wofunika ndi wachiwiriwo. Mphamvu ikhoza kukhala yambiri koma ubwino uli pansi, chithunzi n'kumadukaduka.

Mzinda uno ndi wa zitunda, ndiye zomwe zatheka kwa ine sizingatheke kwa aliyense. Amene ali kuseri kwa chitunda, kapena pansi pa chinyumba chachitali chomwe chatchinga mbali ya ku Brixton, adzavutika. Digito siili ngati kanema wakale amene ankaonetsa mpunga koma munthu n'kumaonerabe. Iyi ikagwira yagwira, chithunzi choyera bwino, ikakana imangoti phwa, tizidutswa, kenako mdima. Njira yosavuta yodziwira ndi kuyang'ana madenga a anansi anu. Ngati pali ma eriyo, onani kumene aloza, ndipo funsani eni ake ngati akuonera bwino. Chinanso, musaumire pa chingwe. Chomwe chinabwera ndi eriyo yanga chinali chopyapyala, dzuwa linachisweka khungu msanga, madzi n'kulowa. Nditaika chingwe chokhuthala chija amagwiritsa ntchito pa dishi, vuto linatha.

Nanga munthu umaonera chiyani? SABC1, SABC2, SABC3 ndi e.tv zimabwera bwinobwino, kuphatikizapo matchanelo ena owonjezera ndi mawayilesi a SABC. Kwa munthu wochoka m'mamawa n'kubwera madzulo atatopa, zimenezi n'zokwanira: nkhani, zanyengo, masewero a madzulo aja amayi a pa yadi pathu samaphonya, ndi mpira wina wa ligi ya kuno umene SABC imaonetsa. Nkhani za kuno ndimaziona kuti n'zofunika kwambiri kwa ife alendo. Kukakhala sitiraka ya matakisi, kapena zionetsero m'tauni, kapena kusintha kwa malamulo a zitupa, ndi bwino kumva madzulo ake kusiyana n'kukakumana nazo pa msewu.

Ubwino wina ndinauona nthawi ya mvula ya mabingu, yomwe kuno imayamba cha mu Okutobala. Mtambo wakuda ukakuta, madishi a anansi amataya chithunzi, pamene eriyo imapitirizabe. Koma mphezi za kuno si zamasewera, ndipo paipi yachitsulo ili pamwamba. Kukayamba kung'anima ndimazula chingwe kumbuyo kwa kabokosi. Popita kumudzi ndimatsitsa eriyo yonse, kuipinda, kuilowetsa pansi pa bedi. Yosiyidwa panja miyezi yambiri mwina simudzaipeza.

Zofooka za kabokosika zilipo. Rimoti yake ndi yopepuka, mabatani ang'onoang'ono, ndipo imafuna uilozetse ndendende. Magetsi akathima n'kubweranso, nthawi zina kamasokoneza ndandanda ya matchanelo, ndiye umafufuzanso. Kamatenthanso kakayaka nthawi yaitali, choncho musakaike pansi pa nsalu ija timaphimbira TV. Komabe kamadya magetsi ochepa kwambiri, pa mita ya mayunitsi sindinaone kusintha.

Chomwe eriyo singakupatseni ndi kwathu. MBC, Zodiak, Times ndi Mibawa simudzazipeza pa nsanja ya ku Brixton. Apa ndi pamene intaneti imalowa. Nyumba zoulutsa mawu zimenezi zimaonetsa zambiri pompopompo pa Facebook ndi pa YouTube, ndipo mwayi wathu ndi wakuti nthawi ya Malawi ndi ya South Africa ndi imodzi, nkhani za madzulo kwathu ndi madzulonso kuno. Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 tinachitsatira choncho. Masiku odikira zotsatira aja chipinda changa chinkadzaza, a ku Mangochi, a ku Mzimba, a ku Thyolo, ena atakhala pa zigubu za penti, tonse maso pa foni imodzi yomwe tinailumikiza ku TV. Tsiku la Bullets ndi Wanderers zimakhalanso chimodzimodzi, ngakhale kuti nthawi zambiri timangomvera ndemanga pa wayilesi ya pa intaneti, yomwe siidya data yambiri. Ndipo alipo ambiri amene sadziwa kuti SABC ili ndi wayilesi ya Channel Africa yomwe imaulutsa m'Chinyanja, imapezeka pa intaneti.

Koma abale anga, intaneti ikhoza kukudyerani kuposa dikoda imene mwathawa. Netflix imanena yokha kuti chithunzi cha HD chimatha kudya 3GB pa ola limodzi, chapakati 0.7GB, chotsika 0.3GB. Mpira umodzi ndi maola pafupifupi awiri. Ukaonera pa bandulo ya pa foni chithunzi chili pa HD, bandulo ya mwezi itha Loweruka limodzi. Pa YouTube ndimatsitsa chithunzi kufika pa 360p kapena 480p, ndipo pa ka TV kanga kakang'ono nkhope zimaonekabe bwino. Chimene chinandipulumutsa kwenikweni ndi WiFi ya pa yadi. Alandilodi anakokera intaneti ya pa chingwe, ija amati fibre, ife alendi timasonkha kangachepe pamwezi, ndipo tinagwirizana kuti mwezi umene munthu kulibe salipira. Ngati mukufuna chipinda, funsani za WiFi musanafunse za mtundu wa matailosi. SABC+ ndi eVOD ndi mapulogalamu a pa foni omwe ali ndi zambiri zaulere, amathandiza tsiku limene mwachedwa ku ntchito n'kuphonya za madzulo. Netflix ndi ya mwezi ndi mwezi, mukhoza kuimitsa musanakwere basi.

Pali njira ina yomwe sindingaibise chifukwa kwa ena ndi yabwino kuposa yangayi. Openview, ya kampani ya eMedia yomwenso ndi eni ake a e.tv, yakhalapo kuyambira 2013. Umagula dikoda kamodzi, palibe ya pamwezi, ndipo ili ndi matchanelo ambiri kuposa eriyo, monga eExtra, eMovies ndi eToonz ya ana. Imafuna dishi, koma imalandira kuchokera ku setilaiti ya Intelsat 20, yomweyo ya DStv, ndiye ngati pakhoma pali kale dishi yosiyidwa ndi amene anatuluka, mwapeza poyambira. Bambo wina wa ku Salima amene amakhala ndi banja lake ku Cosmo City ali nayo, ndipo ana ake sasowa choonera. Ndikanakhala ndi ana kuno, kapena ndikanakhala kumalo kumene chitunda chatchinga Brixton, ndikanatenga imeneyo. Ine ndinasankha eriyo chifukwa ndimasamuka kawirikawiri potsata ntchito, ndipo eriyo ndimaimasula ndekha ndi sipanala imodzi, pamene dishi imafuna munthu wodziwa kuilozetsa, womulipira nthawi iliyonse.

Za mpira wa ku England ndinene mosabisa: pa eriyo musayembekezere kuona masewero onse. Amene sangagone osaona timu yake adzalipirabe SuperSport, ndipo palibe cholakwika. Nzeru yake ndi kulipira miyezi imene muli kuno yokha. Ligi ya ku England imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi, kutanthauza kuti chigawo chachikulu chimaseweredwa ife tili kumunda. Ine ndimakaonera masewero akuluakulu kwa mnzanga amene ali ndi dikoda, tonse timaponyapo kenakake. Aja amagulitsa timabokosi tolonjeza matchanelo onse a dziko lapansi pa mtengo wa buledi ndimawakana. Ndi zakuba, zimazima tsiku lililonse, ndipo mlendo safunika kuwonjezera chifukwa china chokumanirana ndi apolisi.

Laisensi ya TV imakhalapobe, kaya muli pa eriyo, pa dishi kapena mwapita kumudzi. Ndi R265 pachaka, ndipo masitolo akuluakulu amaifunsa munthu akamagula TV yatsopano. Muiike m'masamu anu.

Ena amandifunsa ngati angatenge kabokosika kupita nako kumudzi. Malawi nayo imagwiritsa ntchito DVB-T2, koma kumeneko kuli Kiliye Kiliye yokhala ndi madikoda akeake, ndiye ine kanga ndimakasiya kuno. Ndimachotsa mabatire mu rimoti kuti asatayikire m'kati, kukulunga kabokosi m'pulasitiki poopa fumbi ndi mphemvu, n'kuzula mapulagi onse kukhoma. Pobwera ndimamangiriranso eriyo pa paipi pomwe ndinalembapo chizindikiro ndi penti, kufufuzanso matchanelo popeza Sentech nthawi zina imasuntha mafrikwensi, ndipo madzulo omwewo nkhani ndimaonera.

Kwa munthu wokhala yekha kapena ndi mnzake m'chipinda cha lendi, ku Turffontein, Rosettenville, Mayfair ndi madera ena oyang'anana ndi Brixton, eriyo ya panja ndi kabokosika ndikuzivomereza ndi mtima wonse. Pogula, uzani wogulitsa akayatse kabokosi muli pomwepo, muone kuti rimoti ikugwira, ndipo mutenge lisiti.